Tsoka la Tess linali ndi manja a anthu

Usiku wina tambala asanalire, mtsikana wa zaka pafupifupi 16 anamangirira hatchi yokalamba kungolo n'kuyamba ulendo wokapereka ming'oma ya njuchi kumsika wa m'tauni ya Casterbridge. Ulendowo unali wa bambo ake, koma iwo anali atagona chiledzerere moti kudzuka kunawakanika. Mtsikanayo anadzutsa mlongo wake wamng'ono, Abraham, kuti azikamuchezetsa panjira. Atayenda kamtunda, mwanayo anagadama n'kumayang'ana nyenyezi, ndipo anafunsa ngati n'zoona kuti nazonso ndi maiko. Mchemwali wakeyo anavomera, n'kunena kuti iye amaziona ngati maapozi a mumtengo wa pakhomo pawo, ambiri abwinobwino, ochepa olowa mbozi. Abraham anafunsa kuti nanga iwo akukhala pa liti. Anamuyankha kuti pa lolowa mbozi.

Posakhalitsa onse awiri anasinza. Nyali ya pangolo inazima, hatchi inalowera mbali yolakwika ya msewu, ndipo ngolo yonyamula makalata imene inkathamanga mumdimamo inawawomba. Mtengo wosongoka wa kutsogolo kwake unalasa hatchiyo pachifuwa ngati mkondo. Mtsikanayo analumpha n'kutseka balalo ndi chikhatho, koma magazi anangomuthovukira kuyambira kumaso mpaka diresi lonse. Hatchiyo, dzina lake Prince, inalimbikira kuima kwa kanthawi, kenako inagwa.

Mtsikanayu ndi Tess Durbeyfield, mwininkhani wa nthano yaitali ya Tess of the d'Urbervilles imene Thomas Hardy anatulutsa ku England m'chaka cha 1891. Amene anaiwerenga amadziwa kuti kuchokera pa imfa ya hatchi ija palibe chimene chinamuyenderanso mpaka tsiku limene anamunyonga m'ndende. Ambiri akatseka bukuli amapuma mozama n'kunena kuti mwanayu anabadwa ndi tsoka basi. Hardy mwiniwake amawathandiza kuganiza choncho, chifukwa anadzaza nkhaniyi ndi malodza: tambala wolira masana pa tsiku laukwati, kalata yosochera, nthano ya ngolo yamizimu imene imamveka kwa a mtundu wa d'Urberville okha. Koma ine ndikamaiwerenga ndimaona kuti ngozi zonsezi zikanagwera munthu wina sizikanamupha. Zinapha Tess chifukwa pena paliponse pamene anaterereka panali anthu, malamulo ndi umphawi zimene zinali zitachotseratu pogwira.

Tiyambe ndi hatchi yomweyi. Ngozi ya pamsewu imagwera aliyense, tsoka silinunkha. Koma banja la Durbeyfield linali ndi hatchi imodzi yokha, ndipo bizinesi ya bambo wa pakhomopo, John, yogula ndi kugulitsa tinthu m'midzi, inkadalira hatchiyo. Kuledzera kwawo usiku umenewo kunalinso ndi chiyambi chake. Madzulo a tsikulo, m'busa wina wokonda kufufuza mbiri zakale, dzina lake Tringham, anawauza panjira kuti dzina loti Durbeyfield ndi d'Urberville wopotoka, ndipo makolo awo anali akuluakulu ankhondo amene anabwera ku England limodzi ndi William wa ku Normandy, uja analanda dzikolo mu 1066. Malo a mtunduwo anali atatha kalekale, chotsala chinali mafupa m'manda a pansi pa tchalitchi cha ku Kingsbere. John anatengeka, n'kupita kukakondwerera ulemerero wa m'mandawo ndi mowa. Timati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma m'nyumba imeneyi zinatembenuka: anadya ndi akulu, mimba inapota mwana. Chopweteka n'chakuti Tess sanaone choncho. Pamene ankakwirira hatchiyo m'munda wa pakhomo, iye ankadziona ngati wopha. Mtima wodziimba mlandu umenewu ndi umene amayi ake, Joan, anagwirapo pomukakamiza kupita kwa banja lolemera la d'Urberville ku Trantridge kukadzidziwitsa kuti ndi wachibale. Akanakhala kuti sanadzione wolakwa sakanapita, chifukwa anali atakana kale.

Midzi ya m'bukuli ili ndi mayina opeka, koma dera lake ndi lenileni. Hardy anabadwa mu 1840 ku Higher Bockhampton pafupi ndi tauni ya Dorchester m'chigawo cha Dorset, kummwera kwa England, ndipo bambo ake anali mmisiri womanga nyumba. Casterbridge wa m'bukuli ndi Dorchester, Marlott kwawo kwa Tess ndi mudzi wa Marnhull, pamene Kingsbere ndi Bere Regis, kumene kunalidi banja lakale lotchedwa Turberville. Dorset inkadziwika ndi malipiro otsika kwambiri a anthu ogwira ntchito m'mafamu. Ndi m'chigawo chomwechi mmene amuna 6 a ku Tolpuddle anagamulidwa mu 1834 kuti akagwire ukaidi ku Australia atakhazikitsa bungwe lokana kuwatsitsira malipiro, amene anali atafika kale pa masheleni 7 pa sabata. Kuyambira m'ma 1870 ulimi wa ku England unalowanso pansi chifukwa cha tirigu wotchipa wochokera ku America, ndipo mabanja ambiri ankangosamukasamuka chaka ndi chaka kufunafuna ntchito. Hardy analembapo nkhani yapadera ya moyo wa antchito amenewa mu 1883. Choncho akamati banja latsala opanda hatchi, ankadziwa bwino mtunda waufupi umene unalipo pakati pa hatchi yakufa ndi njala.

Achibale olemera aja sanalinso achibale. Bambo wa banjalo, Simon Stoke, anapeza chuma pa malonda kumpoto kwa England, ndipo pofuna kuoneka wa mtundu wapamwamba anafufuza m'mabuku a ku British Museum mayina a mabanja amene anatha, n'kudzisankhira la d'Urberville. Amene analandira Tess anali mwana wake, Alec. Tsiku loyamba lomwelo anamuyendetsa m'munda n'kuthyola sitiroberi, ndipo Tess atatambasula dzanja kuti alandire, Alec anakana n'kumulozetsa chipatsocho pakamwa mpaka mtsikanayo anayasama monyinyirika. Kachithunzi kakang'onoko kakunena zonse zimene zinatsatira. Anamulemba ntchito yosamalira nkhuku za amayi ake osaona, anagulira banja lake hatchi ina, anatumizira azing'ono ake zidole. Mphatso iliyonse inkamulanda Tess mphamvu yokana.

Zimene zinachitika m'nkhalango ya The Chase usiku wina wa mu Sepitembala, Hardy sanazionetse. Tikungodziwa kuti kunali nkhungu, kuti Alec anasocheretsa njira mwadala, ndipo atabwerako kofufuza njira anapeza Tess ali mtulo pa masamba ouma, misozi ili m'zikope. Kwa zaka zoposa 100 owerenga akhala akutsutsana ngati anamugwiririra kapena anamunyengerera. Otsutsa amati nanga bwanji anakhalabe kwa Alec masabata angapo pambuyo pake, ndipo bwanji ananena yekha kuti kwa kanthawi maso ake anachita chidima ndi iye. Kwa ine mtsutsowu si wovuta. Munthu amene ali mtulo savomera kanthu. Ndipo kutsogolo kwa nkhaniyi mayi wina wokolola tirigu akunena kuti anthu anamva kulira m'nkhalangomo usiku wina, ndiponso kuti pa kubwera kwa mwanayo panachitika zoposa kunyengerera. Masabata aja ndi a mtsikana wosokonezeka mutu, amene akugona m'nyumba ya bwana wake, ndipo chakudya cha kwawo chili m'manja mwa bwana yemweyo. Atatsimikiza mtima anachoka yekha, wapansi, mbandakucha. Alec atamupeza panjira n'kumunyoza kuti zimene akunenazo mkazi aliyense amanena, Tess anamufunsa ngati sanaganizepo kuti zimene mkazi aliyense amanena, akazi ena amazimvadi mumtima.

Mawu amene amandikhudza kwambiri ndi amene anauza amayi ake atafika pakhomo. Anawafunsa kuti, amayi, bwanji simunandiuze kuti kwa amuna kuli zoopsa, bwanji simunandichenjeze? Anawonjezera kuti atsikana a m'mabanja olemera amadziwa zopewa chifukwa amawerenga nthano zimene zimawaululira misampha imeneyi, pamene iye mwayi umenewo analibe. Tess sanali mbuli. Anafika Sitandade 6 pasukulu ya m'mudzi, ankayankhula chinenero cha kwawo pakhomo ndi Chingerezi cha kusukulu pagulu, ndipo ankalakalaka uphunzitsi. Koma zimene zikanamuteteza sanamuphunzitse kusukulu, ndipo amayi ake anazibisa dala poopa kuti angamuchitire mwano Alec n'kutaya mwayi wa ukwati wapamwamba.

Kwa mtsikana wobereka asanakwatiwe, malamulo a nthawiyo analibe chisoni. Lamulo losamalira osauka la mu 1834 linasenzetsa mayi pafupifupi katundu yense wolera mwana wobadwa kunja kwa ukwati, ndipo ngakhale linafewetsedwa pambuyo pake, maganizo ake anali atakhazikika kale m'mitima ya anthu. Msinkhu umene mtsikana ankaonedwa kuti angathe kuvomera kugona ndi mwamuna unali zaka 13 mpaka mu 1885, pamene unakwezedwa kufika pa 16. Mtsikana wantchito wofuna kusumira mwana wa bwana wake anayenera kuyembekezera kuti woweruzidwa pamaso pa anthu adzakhala iyeyo.

Mwana wa Tess anadwala ali wakhanda. Usiku umene zinaoneka kuti safika m'mawa, Tess anapempha kuti aitane m'busa adzamubatize, koma bambo ake, amene anali atangobwera kumowa, anakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba, ati m'busa asadzaone manyazi a banja la d'Urberville. Tess anali ataphunzitsidwa kuti mwana wosabatizidwa amapita kumoto, ndipo ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Pakati pa usiku anayatsa kandulo, anadzutsa azing'ono ake n'kuwagwaditsa mozungulira beseni, mng'ono wake 'Liza-Lu atagwira buku la mapemphero. Anamubatiza yekha, n'kumutcha dzina lotanthauza chisoni, Sorrow. Ana aja ankayankha kuti ameni. Kutacha mwanayo anatsirizika. Tess atafunsa m'busa ngati ubatizo wakewo unali wofanana ndi wa kutchalitchi, m'busayo anagwidwa chifundo n'kuvomera kuti ndi chimodzimodzi, koma mwambo wa maliro anaukana. Buku la mapemphero la Mpingo wa England linkaletsa kuchitira mwambo umenewo osabatizidwa, ochotsedwa mumpingo ndi odzipha. Tess anapatsa wokumba manda sheleni imodzi ndi mowa pang'ono, ndipo khandalo analiika usiku ndi nyali, m'ngodya ya manda yomera zitsamba zoyabwa. Pamandapo anazika mtanda wa timitengo tiwiri tomanga ndi chingwe, n'kuika maluwa m'kabotolo ka jamu.

Mwanayo asanabadwe n'komwe, Hardy akunena chinthu chimene chimamasula nkhani yonseyi. Tess ankayenda yekha m'tchire kukamada, n'kumadziona ngati chodetsedwa cholowerera pakati pa mbalame ndi akalulu osalakwa. Mfotokozankhani akuti uku kunali kudzinamiza, chifukwa lamulo limene anamuswetsa linali la anthu, ndipo chilengedwe chimene chinamuzungulira sichinkalidziwa. Akutinso anthu amene iye ankawaopawo sankamuganizira kawirikawiri monga ankaganizira. Woweruza wankhanza kwambiri anali atalowa kale mumtima mwake.

Zaka ziwiri ndi miyezi zitadutsa chichokereni ku Trantridge, moyo unaphukanso. Anapeza ntchito yokama ng'ombe pa famu ya mkaka ya Talbothays, m'chigwa chobiriwira cha mtsinje wa Froom, kumene palibe ankamudziwa. Kumeneko anakumana ndi Angel Clare, mwana wa m'busa wa ku Emminster, amene bambo ake sanamutumize ku yunivesite ya Cambridge monga akulu ake chifukwa anakana ubusa. Ankaphunzira ulimi, ankawerenga kwambiri, ndipo ankadzitenga ngati munthu womasuka ku ziphunzitso zakale. Miyezi ya ku Talbothays ndi yokoma kuwerenga, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kumapweteketsa zotsatira zake.

Tess anakana ukwati kangapo, ndipo anayesetsa kuulula. Amayi ake anamulembera kalata yomuletsa kutchula kanthu. Iye sanamvere: analemba zonse pa pepala n'kulowetsa pansi pa chitseko cha Angel. M'mawa mwake Angel anamupsompsona monga mwa masiku onse, ndipo Tess anaganiza kuti wamukhululukira. Pa tsiku laukwati, lomaliza la chaka, anakapeza kalatayo ili chitsekere, italowa pansi pa kapeti. Iyi ndi ngozi imene owerenga ambiri amailoza ngati umboni wa tsoka. Koma tifunse kuti kalatayo ikanawerengedwa chikanasintha n'chiyani. Yankho lili m'zimene Angel anachita usiku womwewo.

Atafika m'nyumba yakale ya ku Wellbridge kumene anakagona, Angel ndi amene anayamba kuulula. Anati nthawi ina ali ku London anakhala maola 48 akuchita zachiwerewere ndi mkazi amene sankamudziwa. Tess anasangalala, osati ndi tchimolo, koma poganiza kuti tsopano afanana. Anamukhululukira pomwepo n'kufotokoza zake. Atamaliza anamuchonderera kuti, ndikhululukireni monga inenso ndakukhululukirani. Angel anayankha kuti pa nkhani imeneyi kukhululuka sikugwira ntchito, chifukwa poyamba anali munthu wina ndipo tsopano ndi winanso. Anatinso mkazi amene wakhala akumukonda si iye, koma wina wa maonekedwe ake.

Apa m'pamene mtima wa bukuli uli, ndipo ine ndimaona kuti bala la Angel linaposa la Alec. Alec anali woipa wodzidziwa, ndipo ananena yekha kuti anabadwa woipa. Angel anali munthu wabwino, wosamenya, wosatukwana, wophunzira. Anataya chikhulupiriro cha bambo ake koma anasunga muyeso wake woyezera akazi, osadziwa n'komwe kuti wausunga. Iye anachita mwa kufuna kwake ali wamkulu, Tess zinamuchitikira ali mwana, komabe wodetsedwa anakhala Tess. Muyeso wapawiriwu sunali wa Angel yekha, unalembedwa m'malamulo a dzikolo. Lamulo la kuthetsa ukwati la mu 1857 linkalola mwamuna kusudzula mkazi pa chifukwa cha chigololo chokha, pamene mkazi anayenera kupereka umboni wa chigololo kuphatikizapo cholakwa china, monga nkhanza kapena kuthawidwa. Kusiyana kumeneku kunatha mu 1923. Tess ankaganiza kuti Angel akhoza kumusudzula n'kumasuka, koma lamulo silinkathetsa ukwati chifukwa cha zimene zinachitika usanamangidwe. Anatsala pakati, wokwatiwa wopanda mwamuna.

Hardy sanabise mbali ya Tess pa kulekanaku. Mfotokozankhani akunena kuti akanakhala wochenjera, akanalira mokweza n'kudzigwetsa pansi panjira pamene ankasiyana, mwina Angel akanafewa. Koma Tess anavomereza chilango chonse ngati chomuyenera. Analonjeza kuti samutsatira, ndipo salemba kalata pokhapokha zitavuta. Kudzichepetsa kwakeko kunamupeputsira Angel ulendo wa ku Brazil. Anali ndi kunyada kwakenso: pa mapaundi 50 amene anamusiyira, 25 anapatsa makolo ake kuti asadziwe kukula kwa kusokonekera kwa ukwatiwo, ndipo pa mapaundi 30 amene analandira pambuyo pake, 20 anapita kokonzera denga la kwawo limene linkadontha. Anali ndi chilolezo chopempha thandizo kwa apongozi ake, koma manyazi anamugwira.

Ndalama zitatha anayamba maganyu. Pothawa mwamuna wina amene anamuzindikira panjira, anagona m'tchire pa mulu wa masamba, ndipo usiku wonse ankamva kuphupha ndi kugwa kwa zinthu m'mitengo. Kutacha anapeza mbalame zikuluzikulu zimene alenje olemera anazivulaza ndi mfuti dzulo lake n'kuzisiya. Anazipotola makosi imodziimodzi, misozi ikutsika, kuti zisavutikenso, n'kudzidzudzula kuti iye angadzitche bwanji wovutika koposa onse. Atachoka pamenepo anadzimeta nsidze ndi sizasi n'kumanga nsalu kumaso kuti amuna asamamuyang'ane.

Famu ya Flintcomb-Ash, kumene anakathera, inali pa mtunda wamiyala wopanda mtengo. M'nyengo yachisanu ankakumba zotsalira za tanaposi wodyetsa ziweto, mvula yozizira ikuwabaya ngati magalasi, iye ndi mnzake Marian. Mwini famu ankakonda kulemba akazi chifukwa malipiro awo anali otsika. Nthawi yopuntha tirigu anamuimika pamwamba pa makina oyendera nthunzi, akumasula mitolo kuyambira m'mawa mpaka usiku, thupi lonse likunjenjemera ndi kugwedezeka kwa makinawo. Tsiku lina Lamulungu analimba mtima n'kuyenda mamailosi 15 kupita ku Emminster kwa apongozi ake. Atayandikira anavula nsapato zake zolimba za paulendo n'kuzibisa mumpanda, n'kuvala zokongola. Anagogoda koma onse anali kutchalitchi. Ali m'njira anamva akulu ake a Angel akudandaula kuti mng'ono wawo anadzitaya pokwatira wokama ng'ombe, ndipo anaona iwo ndi mtsikana wina wopemphera, Mercy Chant, akutola nsapato zija kuti akapatse osauka. Anabwerera osaonana ndi aliyense. Mfotokozankhani akutiuza kuti bambo ake a Angel, amene mtima wawo unkathamangira anthu ogwa, akanamulandira.

Pobwerera pa ulendo womwewo m'pamene anapeza Alec akulalikira m'nkhokwe ya tirigu, atatembenuka mtima. Kutembenukako sikunakhalitse. Atangomuonanso anasiya ulaliki, n'kumuimba mlandu Tess kuti ndiye wamugwetsa. Anayamba kumulondola kumunda, ndipo tsiku lina atanyoza Angel, Tess anamumenya pakamwa ndi gulovu yachikopa mpaka magazi. Kenako anamuuza kuti amulange, iye salira, chifukwa amene wagwidwa kamodzi amakhala wogwidwa mpaka kale, ndilo lamulo lake. Amene amati Tess anali nkhosa yongotsatira aiwala gulovu imeneyi, aiwalanso ubatizo uja, ndi kalata yaukali imene pomaliza analembera Angel yomufunsa chifukwa chomuchitira nkhanza zotere pamene sanayenere.

Chimene chinamugonjetsa sichinali chilakolako, inali nyumba. Nyumba ya kwawo ku Marlott inali pa pangano la mtundu wakale limene linkatha anthu atatu otchulidwa m'panganomo akamwalira, ndipo John Durbeyfield anali wachitatu. Atamwalira, mwini malo anafuna nyumbayo. Bukuli likunena mosabisa kuti banjali likanatha kuloledwa kukhalabe n'kumalipira lendi pa sabata, koma anthu a m'mudzi anaona Tess akukonza manda a mwana wake, ndipo anadzudzula amayi ake chifukwa chosunga mkazi wotere. Pa 6 Epulo, tsiku limene antchito a m'mafamu ankasamuka, mayi wamasiye ndi ana ake anakweza katundu pangolo kupita ku Kingsbere. Atafika anapeza zipinda zimene anapempha zitapatsidwa ena. Anayala bedi panja, m'mbali mwa khoma la tchalitchi, pafupi ndi manda a makolo awo otchuka aja. Alec anawatsatira komweko, n'kuuza Tess kuti kachala kakang'ono ka d'Urberville wabodza kangamuchitire zambiri kuposa mzera wonse wa enieni amene agona pansipo. Pa zimenezi sananame. Tess atatsala yekha anaweramira pakhomo la mandawo n'kudzifunsa chifukwa chake ali kunja kwa chitseko chimenecho osati mkati.

Angel anabwerako ku Brazil atawonda ndi matenda, maganizo atasintha. Anamusintha ndi munthu wina woyendayenda amene anakumana naye kumeneko, yemwe anamuuza kuti zimene Tess anali kale n'zosafunika poyerekeza ndi zimene akanadzakhala. Anamupeza ku Sandbourne, tauni ya m'mphepete mwa nyanja imene Hardy anaitengera ku Bournemouth, atavala zodula, akukhala ndi Alec m'nyumba ya alendo. Tess anangoti mwachedwa. Angel atachoka, mwini nyumbayo, Mayi Brooks, anamva kulira m'chipinda cha pamwamba, kenako anaona Tess akutuluka. Atakweza maso anaona kadontho kofiira pa siling'i yoyera kakukulirakulira mpaka kufanana ndi mtima wa pa khadi la njuga. Tess anali atabaya Alec ndi mpeni wa patebulo.

Kupha n'kupha, ndipo Hardy sanayese kunena kuti sanaphe. Komatu pachikuto cha bukuli, pansi pa dzina lake, anawonjezera mawu omutcha mkazi woyera mtima. Mawu amenewa anautsa mkangano waukulu kuposa china chilichonse m'bukuli: mkazi wobereka pathengo, wokhala ndi mwamuna wosakhala wake, wakupha, angakhale bwanji woyera? Hardy ankayeza munthu ndi zimene mtima wake unkafuna, osati ndi zimene zinachitikira thupi lake. Nkhaniyi inali itavuta kale isanatuluke. Magazini a Murray's ndi Macmillan's anaikana, ndipo kuti nyuzipepala ya The Graphic iisindikize m'zigawozigawo mu 1891, Hardy anachita kuidula. Usiku wa m'nkhalango anausandutsa ukwati wachinyengo, mwana ndi ubatizo wake anazichotsa, ndipo pamene Angel amanyamula m'manja atsikana anayi kuwaolotsa pamadzi osefukira, anachita kuwakweza pa wilibala. Muyeso umene unaweruza Tess m'nkhaniyi unalinso pa desiki ya akonzi. Patapita zaka 4, buku lake la Jude the Obscure linanyozedwa koposa, ndipo Hardy anasiya kulemba nthano zazitali n'kutembenukira ku ndakatulo mpaka imfa yake mu 1928.

Tess ndi Angel anathawa limodzi, n'kubisala masiku ochepa m'nyumba yopanda anthu m'nkhalango ya New Forest. Amenewo ndi masiku okhawo amene anakhala ngati banja. Atatulukamo anayenda usiku mpaka anagunda miyala ikuluikulu ya Stonehenge. Tess anagona pa mwala wathyathyathya umene unali udakali wofunda ndi dzuwa la masana. Anafunsa Angel ngati adzakumanenso akadzamwalira, ndipo Angel anamupsompsona pothawa kuyankha. Kukucha, amuna 16 anazungulira malowo. Angel anawapempha kuti amusiye amalize tulo, ndipo anadikira. Atadzuka Tess anati wakondwa ndithu, chifukwa chimwemwe chimenechi sichikanakhalitsa, ndipo tsopano sadzakhala ndi moyo mpaka kudzaona Angel akumunyoza. Kenako anati ndakonzeka.

Kunyongedwa kwake sitikuona. Kuyambira mu 1868 dziko la England linasiya kunyongera anthu pagulu, ndipo akunja ankadziwira mbendera yakuda yokwezedwa pamwamba pa ndende. Koma Hardy anali ataonapo ndi maso ake. Pa 9 Ogasiti 1856, ali ndi zaka 16, anaima m'khamu la anthu kunja kwa ndende ya Dorchester pamene ankanyonga Martha Brown, amene anapha mwamuna wake ndi nkhwangwa. Ali nkhalamba ya zaka zoposa 80 analemba m'kalata kuti ankakumbukirabe thupi la mayiyo likulendewera m'mvula yowaza, diresi lake lakuda la silika litamugwira thupi. Kukumbukira kumeneku kumandisowetsa mtendere, chifukwa muli chisoni komanso muli diso la mwamuna losirira. Diso lomwelo limapezeka m'bukuli, mmene mlembi amabwererabwerera pa milomo ya Tess. Ankamukonda mwininkhani wakeyu ndi mtima wonse, ndipo anamuteteza pamaso pa dziko lonse, koma nayenso sanasiye kumuyang'ana monga ankamuyang'anira Alec ndi Angel.

M'ndime yomaliza Hardy akuti chilungamo chinachitika, mawu oti chilungamowo atawatsekera m'zizindikiro zosonyeza kuti sakuwavomereza, ndipo akuti mkulu wa milungu yosafa anamaliza kuseweretsa Tess, mawu amene akuti anawabwereka kwa Aeschylus, mlembi wa masewero wa ku Greece wakale. Chiganizo chimenechi chikuloza kumwamba. Koma chitseko anakhoma ndi John Durbeyfield, maliro anakana ndi m'busa, nyumba analanda ndi mwini malo atamva madandaulo a anthu a m'mudzi, ndipo ku Brazil anapita ndi Angel ndi miyendo yake.

Pa mwala wa ku Stonehenge paja, Tess anapempha chinthu chimodzi: kuti Angel adzasamalire mng'ono wake 'Liza-Lu, ndipo ngati n'kotheka adzamukwatire, chifukwa ali ndi zabwino zonse za iye popanda zoipa zake. Angel anakumbutsa kuti ameneyo ndi mlamu wake, koma Tess anati kwawo ku Marlott anthu amakwatira alamu awo kawirikawiri. M'mawa wina wa mu Julaye, awiriwo anaima paphiri loyang'anizana ndi mzinda wa Wintoncester, umene ndi Winchester, ndipo 8 koloko itangodutsa anaona mbendera yakuda ikukwera pa nsanja ya ndende. Anagwada pansi kwa nthawi yaitali, kenako anadzuka, anagwirana manja n'kumapita. Pa nthawi imene bukuli linkatuluka, lamulo la ku England silinkalola mwamuna kukwatira m'bale wa mkazi wake womwalira. Linasintha mu 1907.